Mmene Myuziyamu Idalowera M'kalasi

Pa 15 Januwale 1759, mumzinda wa London mudatsegulidwa nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zaluso yotchedwa British Museum. M'chaka cha 1753 nyumba ya malamulo ya dzikolo idali itagamula kuti zinthu zoposa 71,000 zimene dokotala wina, Hans Sloane, adasonkhanitsa pa moyo wake wonse zikhale chuma cha fuko, ndi kuti aliyense wofuna kuphunzira azikaziona mwaulere. Koma ulere umenewu udali ndi minga zake. Munthu ankayenera kupita kwa mlonda wa pachipata kukalembetsa dzina lake ndi kumene amakhala, kubweranso tsiku lina kudzatenga tikiti ngati akuluakulu amuvomera, ndi kubweranso kachitatu pa tsiku limene amuikira. Akalowa, ankayendetsedwa m'kagulu kochepa, mothamanga, popanda mpata wokwanira woima ndi kufunsa. Mmisiri wopala matabwa kapena mwana wa sukulu sakadatha kutaya masiku atatu chifukwa cha ulendo wotere.

Kuyambira nthawi imeneyo, anthu okonda maphunziro akhala akulimbana ndi mafunso awiri. Loyamba n'lakuti: kodi mwana wa munthu wamba, wokhala kutali ndi mizinda ikuluikulu, angazione bwanji ntchito za akatswiri a luso? Lachiwiri n'lakuti: akaziona, angatolepo chiyani? Funso loyambalo layankhidwa pang'onopang'ono ndi malamulo ndiponso makina. Lachiwirilo, lomwe ndi lovuta koposa, makina sangaliyankhe ayi, pakuti ndi ntchito ya mphunzitsi ndi ophunzira ake. Mbiri ya mmene nyumba zoterezi, zimene ambiri amazitcha mamyuziyamu, zidalowera m'kalasi ikuonetsa poyera kusiyana kwa mafunso awiriwa.

Chitseko chidatseguka kwambiri ku France. Anthu a kumeneko atagwetsa ufumu, nyumba yachifumu ya Louvre mumzinda wa Paris idasandulika myuziyamu pa 10 Ogasiti 1793, ndipo zithunzi 537, zambiri mwa izo zolandidwa kwa mafumu ndi ku mipingo, zidaonetsedwa kwa anthu onse. Ku London, myuziyamu ya South Kensington, imene mtsogoleri wake adali Henry Cole, idatsegulidwa m'chaka cha 1857. Chaka chotsatira idayamba kulandira anthu ndi madzulo omwe, zipinda zikuwala ndi nyali za gasi, kuti anthu apantchito azilowamo akaweruka. Pambuyo pake maso adatembenukira kwa ana. M'chaka cha 1884, mbusa wina dzina lake Henry Higgins adayambitsa ku Liverpool dongosolo lobwereketsa masukulu mabokosi okhala ndi zinthu za m'myuziyamu, ndipo m'chaka cha 1899 ku Brooklyn, m'dziko la America, kudatsegulidwa myuziyamu ya ana.

Mabokosi aja adathandiza kwambiri pophunzitsa za miyala, zigoba za nkhono ndi zina zachilengedwe, zomwe zimapezeka zambirimbiri. Koma chithunzi chimene katswiri adapenta ndi dzanja lake n'chimodzi chokha pa dziko lonse, motero sichikadalongedwa m'bokosi n'kutumizidwa ku sukulu. Vutoli lidali lalikulu makamaka kwa mphunzitsi wofuna kuphunzitsa mitundu ya kajambulidwe. Monga mmene munthu amazindikirira kwawo kwa mnzake pongomva kalankhulidwe kake, wodziwa za luso amazindikira nthawi ndi dziko la chithunzi pongoona kajambulidwe kake. Nzeru yotere sibwera pomva mphunzitsi akufotokoza. Imabwera poyala zithunzi zingapo pamodzi ndi kuzifanizira, mpaka diso lizolowere kuona pamene zikufanana ndi pamene zikusiyana.

Mitundu ya kajambulidwe imene ana amaphunzira kawirikawiri m'masukulu a ku Ulaya ndi ku America ili ndi mbiri yodziwika. Mtundu wa Renaissance udakula ku Italy m'zaka za m'ma 1400, pamene amisiri a ku Florence adatulukira njira ya masamu yojambulira zapafupi zazikulu ndi zakutali zazing'ono, kuti khoma lathyathyathya lioneke ngati lili ndi kuya. Mtundu wa Baroque, wa m'zaka za m'ma 1600, udakonda kulimbanitsa kuwala ndi mdima, monga zilili pa chithunzi cha The Night Watch chimene Rembrandt adamaliza m'chaka cha 1642. Mtundu wa Impressionism udadziwika m'chaka cha 1874, pamene Claude Monet ndi anzake adaonetsa ntchito zawo ku Paris. Iwo ankapenta panja, mofulumira, pofuna kugwira maonekedwe a kuwala pa kanthawi kamodzi, ndipo dzina lawolo lidachokera kwa mtolankhani Louis Leroy amene ankawanyoza. Mtundu wa Cubism udayamba ndi Pablo Picasso ndi Georges Braque cha m'ma 1907 ndi 1908, ndipo udaphwanya chinthu chimodzi m'zidutswa kuti chioneke mbali zingapo nthawi imodzi.

Tsono zithunzi zimenezi n'zobalalika. Cha Rembrandt chija chili ku Amsterdam, Mona Lisa ya Leonardo da Vinci ili ku Paris, pamene Les Demoiselles d'Avignon, chithunzi chimene Picasso adayambira njira yake yatsopano, chili ku New York. Ngakhale mwana wokhala pafupi ndi myuziyamu imodzi sakadatha kuzifanizira zonse. M'chaka cha 1947, mlembi wa ku France André Malraux adafotokoza kuti kamera ndi makina osindikizira mabuku zidali zitamanga myuziyamu ya m'maganizo, mmene ntchito za maiko onse ndi za nthawi zonse zikadatha kukhala pa tebulo limodzi. Ganizoli lidali loona, koma mabuku a zithunzi adali okwera mtengo, ndipo ambiri ankaonetsa zithunzizo mwa kuda ndi kuyera kokha. Kuphunzitsa za Monet ndi chithunzi chopanda mitundu kuli ngati kuphunzitsa nyimbo popanda kuiimba.

Zinthu zidasintha ndi kubwera kwa intaneti. M'chaka cha 1989, Tim Berners-Lee, amene ankagwira ntchito ku bungwe la CERN pafupi ndi Geneva, adalemba ganizo lolumikiza zolembedwa za m'makompyuta osiyanasiyana. M'chaka cha 1993 pulogalamu ya Mosaic idapangitsa kuti mawu ndi zithunzi zizioneka pamodzi mosavuta. Chodabwitsa n'chakuti mmodzi mwa oyamba kuyala zithunzi za akatswiri pa intaneti sadali mkulu wa myuziyamu, koma wophunzira wa ku France, Nicolas Pioch. M'chaka cha 1994 iye adasonkhanitsa zithunzi zambiri, n'kuzisanja motsata maina a ojambula ndi mitundu ya kajambulidwe, nazitcha WebLouvre. Akuluakulu a Louvre sadakondwere kuti dzina lawo ligwiritsidwe ntchito choncho, motero dzinalo lidasinthidwa kukhala WebMuseum. Komabe njira idali itatseguka: mwana wokhala ndi kompyuta yolumikizidwa akadatha kuona Rembrandt ndi Monet pa ola limodzi.

Apa ndi pamene funso lachiwiri lija lidaonekera poyera. Aphunzitsi amene adatengera ana awo ku chipinda cha makompyuta adaona kuti ana ankangodumphadumpha kuchoka pa tsamba ili kupita pa linalo mpaka belu kulira. Ena ankakopera ndime zathunthu n'kuzipereka ngati ntchito yawo, osamvetsa ngakhale chiganizo chimodzi. Zithunzi zidalipo zochuluka kuposa kale lonse, koma kuphunzira kudali kochepa. M'mwezi wa Febuluwale 1995, Bernie Dodge, amene ankaphunzitsa aphunzitsi pa yunivesite ya San Diego State ku California, adakonza njira yothetsera vutoli mothandizana ndi Tom March, naitcha WebQuest. Mfundo yake idali yakuti mphunzitsi asankhiretu masamba odalirika, kuti nthawi ya ophunzira isathere pofunafuna nkhani, koma ithere poiganizira nkhaniyo ndi kupangapo chinthu chatsopano.

Njirayi itakhazikika idakhala ndi magawo 6. Loyamba ndi mawu oyamba, okopa chidwi cha ophunzira. Lachiwiri ndi ntchito yeniyeni imene gulu liyenera kugwira. Lachitatu ndi ndondomeko ya kagwiridwe kake, sitepe ndi sitepe. Lachinayi ndi mndandanda wa masamba amene mphunzitsi wasankha. Lachisanu ndi muyeso wa malikisi, umene ophunzira amauona asanayambe, kuti adziwiretu chimene chikuyembekezeka kwa iwo. Lomaliza ndi mawu otsekera, pamene kalasi lonse limakumbukira zimene latolapo. Dodge adasiyanitsa ntchito yaifupi, yotha m'maphunziro amodzi mpaka atatu, ndi yaitali, yotenga sabata imodzi mpaka mwezi. March adakonzanso phunziro lina la pa intaneti lotchedwa Eyes on Art, lozoloweza ana kuyang'ana chithunzi modekha asanathamangire kuchiweruza.

Mtima wa njirayi udali kugwira ntchito pagulu, aliyense ndi udindo wake. Ganizo limeneli silidali lachilendo. M'chaka cha 1971, mumzinda wa Austin ku Texas, masukulu adali atangoyamba kusakaniza ana a mafuko osiyanasiyana amene kale ankaphunzira padera, ndipo m'makalasi mudali chidani ndi ndewu. Katswiri wa za maganizo a anthu, Elliot Aronson, adagawa phunziro limodzi m'zidutswa, napatsa mwana aliyense m'gulu chidutswa chake. Popeza mayeso ankafunsa phunziro lonse, mwana aliyense adakakamizika kumvetsera mnzake, ngakhale uja ankamunyoza. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo Aronson adaonetsa kuti mwambi wotere umagwira ntchito m'kalasi pokhapokha phunziro litakonzedwa mwakuti palibe mutu umene ungalisenze wokha.

Pa phunziro la luso, njirayi inkayenda chonchi. Mphunzitsi ankagawa kalasi m'magulu a ana anayi, n'kuuza gulu lililonse kuti ndilo lapatsidwa udindo wokonza chionetsero cha mtundu umodzi wa kajambulidwe. Mmodzi ankafufuza mbiri ya nthawi imene mtunduwo udabadwa. Wachiwiri ankayang'ana kagwiritsidwe ntchito ka utoto, burashi ndi kuwala. Wachitatu ankafufuza moyo wa ojambulawo, ndipo wachinayi ankafufuza mamyuziyamu amene akusunga zithunzizo. Pamapeto pake gulu linkayenera kusankha zithunzi zochepa, mwina zisanu zokha, ndi kulemba chifukwa chimene chilichonse chasankhidwira. Kuchepa kwa malowo ndiko kudali mchere wa ntchito yonse, pakuti wosankha ayenera kusiya zina, ndipo wosiya zina ayenera kupereka chifukwa.

Tsono tayerekezani gulu limene lapatsidwa Impressionism, ndipo mmodzi akufuna kuikamo The Starry Night, chithunzi cha nyenyezi chimene Vincent van Gogh adapenta m'chaka cha 1889. Iye anena kuti mizere ya burashi ikuoneka poyera monga mwa Monet. Woyang'ana utoto ayankha kuti Monet ankatsata zimene diso likuona, pamene thambo la Van Gogh likuzungulira ngati madzi a pamathithi, kusonyeza zimene mtima ukumva. Wofufuza mbiri awonjeza kuti chionetsero chomaliza cha gulu la Monet chidachitika m'chaka cha 1886, ndi kuti m'chaka cha 1910 Roger Fry wa ku England adaika Van Gogh m'gulu lina lotchedwa Post-Impressionism. Kaya chithunzicho chilowa kaya chitsala, ana anayiwo aphunzira chimene sakadachipeza pokopera: kuti dzina la kajambulidwe ndi chigamulo cha anthu, chofunika umboni wooneka ndi maso.

Njirayi idafala msanga m'maiko ambiri, koma si zonse zotchedwa WebQuest zimene zidali zoyenera dzinalo. Aphunzitsi ena ankangolemba mafunso ofuna yankho limodzi, monga chaka chimene wojambula adabadwa, n'kuuza ana kuti akalipeze pa intaneti. Kumeneko kudali kukopera komwe kuja, kungosintha malaya. M'chaka cha 2003 March adalemba motsindika kuti ntchito yeniyeni iyenera kukhala ndi funso lopanda yankho lokonzeratu, lokakamiza wophunzira kusandutsa zimene wawerenga kukhala maganizo ake. Padalinso mavuto ena. Masamba amene mphunzitsi wasankha chaka chino ankapezeka atafufutidwa chaka chamawa. M'magulu ena mwana mmodzi wakhama ankagwira ntchito yonse, anzake n'kumangomudyera masuku pamutu. Mankhwala a vuto lomalizali adali omwe aja a Aronson: kupatsa aliyense gawo limene wina sangalidziwe popanda iye, ndi kupereka malikisi a munthu payekha pambali pa malikisi a gulu.

Mamyuziyamu nawonso, amene poyamba ankaopa kuti zithunzi zawo zibedwa, adasintha maganizo. Pa 1 Febuluwale 2011 kampani ya Google idayambitsa Google Art Project mogwirizana ndi mamyuziyamu 17 a m'maiko 9. Kamera idayendetsedwa m'zipinda zawo kuti munthu azitha kuzungulira mkatimo ali kwawo, ndipo myuziyamu iliyonse idasankha chithunzi chimodzi chojambulidwa mwatsatanetsatane kotero kuti ming'alu ya utoto inkaoneka. Cha Van Gogh chija chidali chimodzi mwa izo. M'chaka cha 2012, Rijksmuseum ya ku Amsterdam idapereka zithunzi 125,000 kuti aliyense azitenge mwaulere. Metropolitan Museum of Art ya ku New York idamasula zithunzi 375,000 m'chaka cha 2017, ndipo bungwe la Smithsonian ku Washington lidamasula zithunzi 2.8 miliyoni mu Febuluwale 2020.

Patangopita milungu yochepa, mliri wa Covid-19 udatseketsa masukulu ndi mamyuziyamu omwe. Bungwe la UNESCO lidalengeza mu Meyi 2020 kuti mwa mamyuziyamu pafupifupi 95,000 a pa dziko lonse, 90 mwa 100 alionse adali atatseka zitseko. Kwa miyezi ingapo, intaneti ndiyo idali khomo lokhalo. Mu Malichi chaka chomwecho, myuziyamu ya Getty ku Los Angeles idapempha anthu kuti asankhe chithunzi chimodzi ndi kuchitsanzira pogwiritsa ntchito zinthu zitatu za m'nyumba mwawo. Aphunzitsi ambiri adatengera masewerowa m'maphunziro awo, pozindikira kuti palibe amene angatsanzire chithunzi asanachiyang'anitsitse. Komabe lipoti la UNESCO lomwelo lidaulula mpata wowawa: mu Africa ndi m'maiko a zilumba zazing'ono, mamyuziyamu 5 okha mwa 100 alionse ndiwo adatha kupereka kanthu pa intaneti.

Ngakhale kumene makina alipo, galasi la kompyuta lili ndi malire ake. Limafananitsa zazikulu ndi zazing'ono. Mona Lisa ndi kachithunzi ka masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi, pamene Guernica, chimene Picasso adapenta m'chaka cha 1937 podandaula za mabomba amene adagwetsedwa pa tauni ina ya ku Spain, n'chachitali pafupifupi mamita 8 ndipo msinkhu wake ndi mamita atatu ndi theka. Pa foni, zonse ziwiri zimakwana m'chikhatho. N'chifukwa chake mphunzitsi wanzeru amauza gulu kuti liyeze kukula kwa chithunzi pa khoma la kalasi ndi choko, kuti thupi limve chimene diso lanamizidwa.

Palinso funso lina limene wofufuza za mamyuziyamu m'gulu sayenera kulilumpha: kodi chinthu ichi chidafika bwanji kumene chili? M'chaka cha 1907 Picasso adakaona zigoba ndi ziboliboli za ku Africa m'myuziyamu ya Trocadéro ku Paris, ndipo zidamukhudza kwambiri. Dzina lake lidalembedwa m'mabuku onse, pamene maina a amisiri amene adasema zinthuzo sadalembedwe. M'chaka cha 1897 asilikali a Britain adalanda zosema ndi zosula zamkuwa zikwizikwi mumzinda wa Benin, m'dziko limene lero ndi Nigeria, ndipo zidabalalika m'maiko ambiri. Mu Novembala 2022 ntchito yotchedwa Digital Benin idasonkhanitsa pa intaneti zithunzi ndi mbiri ya zinthu 5,246 zosungidwa m'malo 131 a m'maiko 20. Kwa nthawi yoyamba, mwana wa ku Benin adatha kuona pamodzi ntchito za makolo ake, ngakhale kuti kuona pa galasi sikufanana ndi kubwezeredwa.

British Museum yomwe ija, imene kale inkafuna maulendo atatu kuti munthu alowemo, idayamba m'chaka cha 2013 kuika pa intaneti zithunzi pafupifupi 25,000 za zojambula za pa matanthwe a mu Africa, kuphatikizapo za ku Malawi. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula zotere, amene UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Kumenekonso kuli mitundu iwiri ya kajambulidwe: zofiira, za Akafula amene ankakhala mosaka nyama, ndi zoyera, za Achewa, zokhudzana ndi chinamwali ndi nyau. Gulu la ophunzira likhoza kuzifanizira monga lingafanizire Rembrandt ndi Monet. Koma kompyuta idzaonetsa maonekedwe okha. Tanthauzo la zoyerazo lili ndi eni ake, anamkungwi ndi akuluakulu a m'midzi, ndipo safunsa adadya phula.

Papita zaka zoposa 260 chitsegulireni British Museum. Tikiti ija idatha, ndipo mtunda wa pakati pa Paris, Amsterdam ndi New York sulinso chopinga kwa amene ali ndi magetsi ndi intaneti, ngakhale kuti ana ambiri akadali opanda zimenezi. Koma mwana amene wapatsidwa zithunzi miliyoni popanda funso akufanana ndi mlendo wa m'chaka cha 1759, wothamangitsidwa m'zipinda osaima paliponse. Chimene Dodge ndi March adawonjezera si makina, koma funso loyenera kukanganirana, anzake oti akangane nawo, ndi udindo wa aliyense pa yankho. Pamene zitatuzi zilipo, ngakhale zithunzi zisanu zosindikizidwa pa pepala zikhoza kuphunzitsa kalasi lonse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.